Msasa umene kompyuta imamanga isanalowe m'nyumba

Ndinakumana nayo usiku, nditangomaliza kusamutsa zonse za mu kompyuta yanga kuchoka pa disiki yakale kupita pa yatsopano. Yakaleyo inali ya SATA, ija yozungulira mkati yomwe imamveka kulira ikamagwira ntchito. Yatsopano inali ya NVMe, kachidutswa kotalika ngati chala komwe kamalowa pa bolodi penipeni. Ndinakopera gawo lililonse mosamala, ndinazula disiki yakale, n'kudina batani loyatsira. GRUB, pulogalamu imene imadzutsa Linux kompyuta ikayaka, inaonekera monga mwa masiku onse, ndinasankha Debian yanga, womwe ndi mtundu wa Linux, sikirini inada. Ndinadikira. Patapita kanthawi panatuluka mizere iyi:

Gave up waiting for root file system device.
ALERT! UUID=... does not exist. Dropping to a shell!

Pansi pake panali dzina la BusyBox, kenako mawu akuti initramfs ali m'mabulaketi, ndi kamzere kophethira kodikira kuti ndilembepo kanthu.

Thupi lonse linazizira. Pa disiki imeneyo panali ntchito ya zaka zingapo, ndipo chimene chinandifikira m'mutu n'chakuti ndaononga zonse. Koma palibe fayilo ndi imodzi yomwe imene inasowa. Kompyuta sinafe. Inangoima pakhomo ilibe kiyi, ndipo malo amene inandisiyawo sanali achilendo kwa iyo ayi. Unali msasa wotchedwa initramfs, umene imamanga nthawi iliyonse ikamayaka, n'kuugwetsa ine ndisanauone. Ndinali nditadutsa mu msasa umenewo kambirimbiri osadziwa kuti ulipo. Chichokereni usiku umenewo ndakhala ndikuufufuza, ndipo ndaukonda kuposa mbali zambiri za Linux zimene anthu amazitama.

Mafayilo onse a Linux amakhala ngati mtengo. Pali malo amodzi pamene zonse zimayambira, olembedwa ndi kachizindikiro ka /, ndipo amatchedwa root, kutanthauza muzu. Pa muzu pamenepo m'pamene pamachokera /etc, /usr, /home ndi nthambi zina zonse. Kernel, yomwe ndi mtima wa Linux, singachite chaphindu chilichonse isanapeze muzu umenewu, chifukwa pulogalamu yoyamba imene iyenera kuyendetsa ili pamenepo. Ikausowa popanda chothawirapo imalemba kuti VFS: Unable to mount root fs n'kuumiratu gwaa, zomwe amazitcha kernel panic.

Tsono kuti kernel iwerenge disiki, ifunika driver wa disikiyo, kapulogalamu koiuza mmene ingalankhulire ndi chidacho. Ifunikanso driver wa kasanjidwe ka mafayilo, kotchedwa file system, kaya ndi ext4, XFS kapena Btrfs. Ma driver ambiri sakhala mkati mwa kernel. Ndi timafayilo tapadera totchedwa ma module, tosungidwa mu /lib/modules. Nanga /lib/modules ili kuti? Ili pa muzu womwe uja kernel ikuvutikira kuwerenga. Kiyi wa nyumba watsekeredwa m'nyumba momwemo.

Wina afunsa kuti, bwanji osangoika ma driver onse mkati mwa kernel? Munthu amene amadzipangira kernel ya makina ake okha amatero ndithu, ndipo nthawi zambiri msasa saufuna. Koma Debian, Fedora kapena Arch amatulutsa kernel imodzi yoti iyake pa makina osawerengeka: laputopu, seva yokhala ndi khadi la RAID, kompyuta yongoyerekezera imene disiki yake ndi ya virtio. Kuunjika zonsezo mu kernel kungaitupitse, ndipo makina aliwonse angamasenze katundu wa anzawo mu RAM, malo osungira zinthu kwakanthawi amene kompyuta imagwiriramo ntchito, nthawi yonse imene ayaka.

Komanso, ndipo apa m'pamene ine ndinachedwa kumvetsa, nkhani si ya ma driver okha. Ngati disiki ndi yokhomedwa ndi LUKS, payenera kukhala pulogalamu yofunsa mawu achinsinsi n'kuitsegula, ndiye cryptsetup imeneyo. Ngati muzu uli pa LVM kapena pa RAID ya mdadm, wina ayenera kusonkhanitsa zidutswazo kaye kuti zikhale chinthu chimodzi. Ngati muzu uli pa makina ena, kudzera pa NFS kapena iSCSI, netiweki iyenera kudzuka n'kupeza adiresi pamene kulibe china chilichonse chimene chadzuka. Ngati kompyuta inagonekedwa mwa hibernate, wina ayenera kupeza swap, malo a pa disiki mmene munasungidwa zonse, n'kuuza kernel kuti ipitirize pamene inalekezera. Ngakhale mawu aja akuti UUID=, nambala yozindikiritsa gawo la disiki, amene timawaona pa mzere wa malangizo umene GRUB imapatsa kernel, kernel payokha sawamva. Imadziwa mayina ngati /dev/sda2 ndi PARTUUID, koma kufufuza disiki ndi UUID kapena LABEL ya file system ndi ntchito ya mapulogalamu wamba. Ndipo mapulogalamu wamba amafuna muzu woti aimepo.

Yankho lake ndi lophweka mpaka kusangalatsa: apatseni muzu wogwirizira, waung'ono, wokhala mu RAM, wonyamula zokhazo zofunika kutsegulira khomo.

Amene amaunyamula ndi bootloader, pulogalamu yodzutsa kernel, monga GRUB. GRUB sidalira ma driver a Linux. Imafika pa disiki kudzera mu firmware ya makina, pulogalamu yokhala mu bolodi momwemo, BIOS kapena UEFI, ndipo ili ndi nzeru zakezake zowerengera ext4 ndi anzake. Choncho imatola mafayilo awiri mu /boot, kernel ndi initramfs, n'kuwaika mu RAM, kenako n'kuuza kernel pamene fayilo yachiwiriyo yagona. Mukasuzumira mu grub.cfg ya Debian mupeza mizere iwiri yotsatizana, wina woyamba ndi mawu akuti linux, winawo woyamba ndi initrd. N'chifukwa chake usiku uja GRUB inaiona disiki yanga yatsopano popanda vuto, kernel n'kulephera. GRUB inabwereka maso a firmware. Kernel inayenera kuona ndi maso ake, ndipo maso amenewo ndinali ndisanawaike mu msasa.

Nzeru imeneyi inalowa mu Linux mu 1996, pamene Werner Almesberger, yemwenso analemba bootloader yakale yotchedwa LILO, ndi Hans Lermen anabweretsa initrd, chidule cha initial RAM disk. Inali nyengo ya ma floppy a 1.44 MB, ndipo chimene chinkawavuta kwambiri chinali kuika Linux pa makina atsopano: kernel yaing'ono iyake kaye, kenako ione zida zimene zilipo n'kutola ma module oyenera. Initrd inali disiki yeniyeni m'kaonekedwe kake, kungoti ya mu RAM. Kernel inkaiona ngati /dev/ram0, mkati mwake muli file system, kawirikawiri ext2, ndipo inkayendetsa kapulogalamu kotchedwa /linuxrc. Inagwira ntchito zaka zambiri, koma inali ndi zilema. Kukula kwake kunali kokhazikika: ikachepa zinthu sizikwana, ikakula malo otsala angowonongeka. Driver wa ext2 anayenera kukhala mkati mwa kernel zivute zitani. Ndipo popeza kernel inkaitenga ngati disiki, chilichonse chowerengedwa inkachisunganso kachiwiri mu cache, ngati kuti chachokera kutali, chonsecho chili mu RAM momwemo.

Initramfs inabadwa pa nthawi ya kernel 2.5 n'kukhazikika mu 2.6, imene inatuluka mu Disembala 2003. Kusiyana kwake ndimakuona kuti n'kwanzeru zedi. Palibenso kunamizira disiki. Kernel ikangodzuka imakhala kale ndi muzu wakewake wa mu RAM, wotchedwa rootfs, womwe ndi ramfs kapena tmpfs, wopanda kanthu. Initramfs ndi phukusi chabe la mafayilo, lomangidwa ndi cpio n'kupanikizidwa ndi gzip, xz, lz4 kapena zstd. Kernel imamasula phukusilo n'kukhuthulira mafayilo mu rootfs, kenako n'kubweza RAM imene phukusi linagonapo. Muzu umenewu umakula kapena kuchepa molingana ndi zomwe zili mkati. Ikamaliza kumasula, kernel imayang'ana fayilo yotchedwa /init, n'kuiyendetsa ngati pulogalamu yoyamba, ya nambala 1, yotchedwa PID 1. Pamenepo kernel yasamba m'manja. Kupeza muzu weniweni si ntchito yakenso, ndi ya /init.

Ambiri amadabwa kuti bwanji cpio, chida cha Unix cha m'ma 1970 chimene anthu ochepa amachigwiritsa ntchito lero, osati tar. Kamangidwe ka cpio n'kosavuta kumasula, ndipo kachigawo komasulira kamene kali mu kernel n'kakang'ono. Pa malo ngati amenewa, pamene cholakwa chimodzi chimaimitsa makina onse, kuchepa kwa code ndi chuma. Rob Landley analongosola zonsezi mu 2005 m'kalata imene mpaka lero imayenda limodzi ndi code ya kernel, ndipo ndi imodzi mwa zolemba zomveka bwino zimene ndinawerengapo pa nkhani za Linux.

Dzina lakale silinafe. Debian imatchabe fayilo yake initrd.img, Fedora imati initramfs, GRUB imalembabe initrd, koma mkati mwa zonsezi muli cpio. Kernel imayang'ana chimene yapatsidwa, osati dzina lake.

Tsiku lina mukapeza mpata, itsegule fayiloyi muone. Pa Debian lembani lsinitramfs kutsogolo kwa dzina lake, pa Fedora lsinitrd, pa Arch lsinitcpio. Chinthu choyamba chimene chingakudabwitseni n'chakuti si phukusi limodzi. Kernel imalola maphukusi angapo olumikizidwa motsatizana, ndipo pa makina a Intel ndi AMD loyamba limakhala losapanikizidwa, lonyamula microcode, fayilo ya GenuineIntel.bin kapena AuthenticAMD.bin. Amenewa ndi makonzedwe a purosesa yeniyeniyo, ndipo kernel imawatola m'mamawa kwambiri, isanachite zambiri, kuti zolakwa za mu purosesa zikonzedwe zisanalume. Ndiye kuti msasa sunyamula makiyi a disiki okha, umanyamulanso mankhwala a ubongo wa makina.

Pambuyo pake pamabwera Linux yathunthu yaing'ono: /bin, /etc, /lib, ma module osankhidwa, firmware ya zida zina, udev yoyang'anira zida zikamaonekera, ndi BusyBox. BusyBox anaiyamba Bruce Perens mu 1995 kuti Debian ikwane pa floppy imodzi yoikira ndi kupulumutsira makina. Ndi pulogalamu imodzi imene imavala nkhope zambiri: mukaiitana ndi dzina la ls imachita za ls, mukaiitana kuti mount imachita za mount, mukati sh imakhala shell, pulogalamu yolandira malamulo amene munthu amalemba. Patha zaka pafupifupi 30, floppy inatha, koma iyo ikugwirabe ntchito yomwe ija inabadwira.

Chimene chinandigwira mtima ndi /init ya Debian. Ndinkayembekeza chinthu chobisika, chosawerengeka. Ndinapeza shell script wamba, yoti munthu angawerenge kuyambira pamwamba mpaka pansi atakhala pansi ola limodzi. Imayamba ndi kulumikiza /sys, /proc, /dev ndi /run. Imawerenga /proc/cmdline, mawu amene GRUB inapereka, liwu ndi liwu, kufunafuna root=, resume=, ro ndi ena. Imadzutsa udev kuti ma driver alowe molingana ndi zida zimene zapezeka. Imayendetsanso timascript ta m'mafoda otchedwa init-top, init-premount, local-top ndi ena, ndipo m'menemo ndi mmene cryptsetup, LVM ndi mdadm amaika ntchito zawo. Imadikira kuti disiki ya muzu ionekere, imaiyeza ndi fsck, chida choyeza ndi kukonza file system, n'kuilumikiza pa foda ya /root. Mzere uliwonse uli ndi chifukwa chake, ndipo ambiri mwa iwo amaoneka kuti analembedwa chifukwa munthu wina kwinakwake anagwapo m'dzenje limenelo. Ndikamawerenga ndimamva ngati ndikuponda m'mapazi a anthu amene anavutika kale kuti ine ndisavutike.

Fedora, Red Hat ndi openSUSE amayenda njira ina. Amagwiritsa ntchito dracut, ndipo kumeneko systemd yeniyeniyo, pulogalamu yoyendetsa mapulogalamu ena onse, imalowa mu msasa n'kukhala PID 1 kuyambira pachiyambi, muzu weniweni n'kulumikizidwa pa /sysroot. Arch ili ndi mkinitcpio. Anthu amakangana kuti yabwino ndi iti. Ine mkangano umenewo sundikoka. Chofunika kuchigwira n'chakuti zida zonsezi zimamanga initramfs pa makina anu omwewo, nthawi iliyonse kernel yatsopano ikabwera, poyang'ana zimene makinawo ali nazo. Kernel imabwera yopangidwa kale, yofanana kwa aliyense. Msasa ndi wanuwanu.

Tsopano pamene ndimapakonda. Muzu weniweni wapezeka, uli pa /root. Chatsala n'kusamuka. M'masiku a initrd ankagwiritsa ntchito pivot_root, imene Almesberger anaonjezera mu 2000: mizu iwiri imasinthana malo, kenako wakale n'kuchotsedwa ngati disiki ina iliyonse. Koma rootfs sichotsedwa. Ndi tsinde limene zolumikizidwa zonse zimapachikikapo, ndipo kernel silola kuti lizulidwe. Nanga RAM imene mafayilo a mu msasa atenga ibwezedwa bwanji?

Amafufuta. Pulogalamu yomaliza, switch_root, kapena run-init pa Debian, imayendera msasa wonse n'kuchotsa fayilo iliyonse, imodzi ndi imodzi: BusyBox, ma module, ma script, ngakhale /init imene inaiitana. Imasamala kuti isadumphire pa file system ina, kuopa kufufuta za pa disiki yeniyeni. Zisanatero, /dev, /proc, /sys ndi /run zimakhala zitasamutsidwira ku muzu watsopano, ndipo ndi katundu yekhayo amene amaoloka. Kenako muzu watsopano umakhazikidwa pamwamba pa /, ndipo pulogalamuyo imachita exec ya /sbin/init. Exec sibala pulogalamu ina ayi. Pulogalamu yomweyo imafundula ngati njoka, n'kukhala ina, nambala yake osasintha. Choncho PID 1 imene mukuiona lero mukalemba ps ndi yomwe ija inayamba ngati /init mu msasa. Popeza ntchito yake ndi yoopsa chonchi, switch_root ya BusyBox imakana kuyenda ngati si PID 1, kapena ngati muzu umene yaimapo si ramfs kapena tmpfs.

Sindidziwa pulogalamu zambiri zimene zinalembedwa kuti zikamaliza ntchito zidzifafanize zokha, osasiya ngakhale dzina. Mapulogalamu ambiri amene timakhala nawo amafuna kuonekera, amafuna kukhalabe, amafuna kutikumbutsa kuti alipo. Initramfs imakhala ndi moyo masekondi ochepa, imatsegula khomo, imagwetsa msasa wake, n'kupereka chilichonse kwa wobwera pambuyo. Zizindikiro zimene zimatsala ndi mizere iwiri mu dmesg, wina wonena kuti Trying to unpack rootfs image as initramfs, wina wonena kuti Freeing initrd memory.

Ndibwerere ku usiku uja. Mantha atachepa ndinakumbuka kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ndinayamba kufunsa msasawo mafunso. Ndinalemba cat /proc/partitions: panalibe disiki. Ndinalemba ls /dev/nvme*: palibe. Ndinayesa modprobe nvme, yankho n'kukhala lakuti module yotero kulibe. Apo m'pamene ndinakumbuka. Miyezi ingapo m'mbuyomo gawo langa la /boot, lomwe ndinalipanga laling'ono poika Linux, linadzaza ndi ma kernel. Pofuna malo ndinatsegula /etc/initramfs-tools/initramfs.conf n'kusintha MODULES=most kukhala MODULES=dep. Mawu akuti most amauza chida kuti chinyamule ma driver a madisiki ndi ma file system ambiri, kaya makina ali nawo kaya alibe. Mawu akuti dep amati chinyamule okhawo amene makina akugwiritsa ntchito pa nthawiyo. Fayilo inachepadi kwambiri, malo anapezeka, ndipo ndinaiwala. Koma msasa umenewo unamangidwa pa nthawi imene makina anali ndi disiki ya SATA yokha. NVMe sunkaidziwa.

Kukonza kwake sikunatenge nthawi. Ndinayatsa kompyuta ndi Linux ya pa USB, ndinalumikiza muzu wanga ndi /boot, ndinalumikizanso /dev, /proc ndi /sys, ndinalowamo ndi chroot, lamulo loutenga ngati muzu weniweni, ndinabweza most, n'kulemba update-initramfs -u -k all. Nditayatsanso, zonse zinabwerera m'chimake.

Chichokereni pamenepo maganizo anga pa nkhaniyi ndi olimba. Pa makina amene disiki yake ingadzasamuke, kapena amene angadzasinthidwe bolodi, ndimasiya msasa waukulu. Ma MB makumi angapo si kanthu poyerekeza ndi usiku wosagona. Ndikamaika Linux ndimapatsa /boot malo okwanira, ndipo ma kernel akale ndimachotsa koma ndimasiya imodzi imene ndikudziwa kuti imayaka, pamodzi ndi initramfs yake. Ena anaganizira izi kale: Fedora imamanga msasa wa makina amenewo okha koma imasunganso wina wa rescue wonyamula zambiri, ndipo Arch kwa zaka zambiri inkapanga awiri, wamba ndi wa fallback. Ndimaona kuti ndi njira yabwino kuposa kusankha umodzi.

Si onse amene amagwera mu msasa chifukwa cha driver. Ambiri amafikamo magetsi akazima kompyuta ili mkati molemba, file system n'kusokonekera moti fsck ikukana kukonza yokha. Pa sikirini pamalembedwa kuti muzu requires a manual fsck, ndipo dzina la gawo limatchulidwa pomwepo. Ndaonapo anthu akufufuta disiki yonse n'kuikanso Linux pa chifukwa chimenechi, ndipo zimandipweteka, chifukwa kawirikawiri chofunika n'kulemba fsck ndi dzina la gawolo, kuyankha mafunso ake, kenako exit. Ena amafikamo atasintha UUID ya gawo osakonza GRUB. Pa dracut pamakhalanso fayilo ya rdsosreport.txt mu /run/initramfs, yofotokoza zonse zimene zinachitika. Shell imeneyo anaiika dala kuti munthu akhale ndi pogwira.

Koma pali mbali ina imene imandisowetsa mtendere, ndipo sindingaibise. Taganizani za laputopu yokhomedwa ndi LUKS. Mwini wake amagona tulo poganiza kuti zonse n'zotetezeka. Koma amene amamufunsa mawu achinsinsi ndani? Ndi initramfs. Nanga initramfs ili kuti? Pa makina ambiri ili mu /boot, gawo losakhomedwa, chifukwa iyenera kuwerengedwa loko asanatsegulidwe. Secure Boot imayeza siginecha ya bootloader ndi ya kernel, koma initramfs, popeza imamangidwa pa makina a munthu aliyense, kawirikawiri ilibe siginecha iliyonse. Munthu amene angagwire laputopuyo kwa mphindi zochepa akhoza kumasula phukusi, kuikamo script yosunga mawu achinsinsi penapake, n'kulimanganso. Mwini wake pobwera aona funso lomwe lija la masiku onse, ndipo ayankha. Chitseko n'chachitsulo, koma wolandira kiyi pakhomo palibe amene anamufunsa kuti ndi ndani.

Mu 2016 Hector Marco ndi Ismael Ripoll anaulula cholakwa china chotchedwa CVE-2016-4484. M'ma script otsegulira LUKS a mu initramfs, munthu akangopanikiza Enter kwa masekondi pafupifupi 70 pa funso la mawu achinsinsi, script inkatopa n'kumuponya mu shell ya root, kutanthauza wolamulira makina amene ali ndi mphamvu zonse. Disiki inkakhalabe yokhoma, koma munthuyo akanatha kuikopera, kuifufuta, kapena kusintha za mu /boot. Cholakwacho chinakonzedwa, koma chinaonetsa chinthu chimene sichidzatha: shell imene inandipulumutsa usiku uja ndi khomo lomwelo limene wakuba angalowere. Pa Debian mawu akuti panic= ndi nambala ya masekondi pa mzere wa kernel amachititsa kuti makina angoyambanso m'malo mopereka shell. Pa dracut ndi rd.shell=0. Ine kompyuta ya pa tebulo ndimaisiya ndi shell yake. Laputopu imene ndimayenda nayo ndinaitseka, ndipo ndimasunga USB yopulumutsira.

Mankhwala enieni amene akubwera ndi Unified Kernel Image: kernel, initramfs ndi mzere wa kernel zimamangidwa kukhala fayilo imodzi ya UEFI, n'kusainidwa yonse pamodzi, ndipo TPM, kachipangizo ka chitetezo ka mu kompyuta, ikhoza kukana kutulutsa kiyi wa disiki ngati chilichonse chasintha. Ndikugwirizana nazo, ngakhale ndikuona mtengo wake. Msasa wosainidwa ndi opanga Linux uyenera kukhala wofanana kwa onse, ndipo ufulu uja woumanga mmene munthu ukufunira umachepa, pokhapokha utaphunzira kusaina ndi makiyi ako. Ufuluwo si wamasewera. Pa seva imene ili kutali, anthu amaika dropbear, SSH yaing'ono yolowera pa makina munthu ali kutali, mu initramfs, kuti makina akayambanso alowe pa netiweki n'kulemba mawu achinsinsi a LUKS ali kwawo. Zinthu ngati zimenezi sindikufuna zitayike.

Pali makina ena amene mu msasa ndimo m'kwawo. Pulogalamu yoikira Debian kudzera pa netiweki imayenda yonse kuchokera mu initrd. Tiny Core Linux imakhala mu RAM moyo wake wonse. Linux ya pa USB, ngati ija inandithandiza, imagwiritsa ntchito initramfs kupeza fayilo ya squashfs n'kuyala overlayfs pamwamba pake kuti izioneka yolembeka. Kernel ikagwa pa seva, kdump imadzutsa kernel yachiwiri yokhala ndi msasa wake kuti isunge umboni wa ngoziyo. Mafoni a Android amanyamula ramdisk yawo, ndipo ngakhale Windows poikidwa imakweza boot.wim mu RAM n'kuitcha X:.

Simuyenera kudikira tsoka kuti mukaone malowa. Pa GRUB dinani e, pitani pa mzere woyamba ndi linux, onjezani break=mount kumapeto ngati muli pa Debian, kapena rd.break pa Fedora, kenako Ctrl ndi X. Kusinthaku n'kwa ulendo umodzi wokha, sikusungidwa.

Ine ndinachita zimenezi m'mawa wotsatira usiku uja, kompyuta ili bwinobwino. Mawu omwe aja a m'mabulaketi anabweranso, ndi kamzere kake kophethira. Ndinalemba ls n'kuona mafoda ochepa aja. Ndinalemba cat /proc/modules, nvme inalimo. Mu /dev disiki yanga inaoneka ndi magawo ake onse. Ndinasuzumira mu /root, munali mopanda kanthu, mukudikira. Ndinakhalamo kanthawi ndikuwerenga /init, mpaka ndinafika pa mzere wa run-init pafupi ndi mapeto. Kenako ndinalemba exit. Mizere ingapo inathamanga pa sikirini, ndipo isanathe mphindi kompyuta inali ikundifunsa dzina langa.